Ozell ndi Kochi wa Timu ya Adani

Ozell Crenshaw wakhala akuyendetsa lole ya gasi kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, kudzaza mathanki kuseri kwa nyumba za anthu m'dera lonse la Pine Level. Koma za gasizo palibe amazikumbuka. Anthu amamudziwira pa wailesi. Tsiku lililonse ikakwana 3 koloko masana, pulogalamu ya Skeeter Mabry ya mpira wa ku America wa m'makoleji ikayamba, Ozell ankaimika lole pambali pa msewu, n'kuimba foni, n'kudikira pamzere ngakhale mphindi makumi anayi. Skeeter akangoti, "Tili ndi Ozell wa ku Pine Level," masapota a koleji ya Calloway ankadziwa kuti ziwawawa.

Ozell ndi wa Marston. Sanapondemo m'kalasi ya koleji imeneyo, bambo akenso sanapondemo, koma kuno zimenezo si nkhani. Munthu umabadwa wa Marston kapena wa Calloway, basi. Pakhonde pake pankapepeluka mbendera yachikasu ya Marston, ndipo m'nyumba mwake simunkalowa chovala chofiira, mtundu wa Calloway, ngakhale sokosi.

Amene Ozell ankamuthira mawu kwambiri anali Rusty Vandiver, kochi wa Calloway. Milandu yake inali iwiri. Malo a anyamata atsopano akakhala makumi awiri ndi asanu, Vandiver ankalonjeza anyamata makumi anayi, ndiye tsiku losainira likayandikira ena n'kungowasiya m'malere, makoleji ena atadzaza kale. Winawo unali wa kontirakiti. Chaka chilichonse pakutha pa nyengo ya mpira kunkamveka kuti akukambirana ndi sukulu ina. A Calloway n'kuyamba kunjenjemera, n'kumuwonjezera malipiro, iye n'kukalumbira pa TV kuti manda ake adzakhala ku Calloway.

"Skeeter, ndikuuze," ankatero Ozell, "munthu ameneyu atandiuza kuti kunja kwacha, ndiyamba ndasuzumira pawindo. Makolo inu, akabwera kudzadya nkhuku yanu mufunseni maso ndi maso. Malowa ndi a mwana wanga yekha, kapena mwalonjezanso ena? Nanga inuyo chaka chamawa mudzakhala muli kuno? Mufunseni, pakamwa si panu?"

Zonsezi zinali zokoma mpaka Kendrell anakula.

Kendrell ndi chitsirizira wa Ozell ndi Vernice, chimnyamata chachikulu chofatsa, chosewera pamzere wakutsogolo paja pokankhana. Ozell anadikira kalata yochokera ku Marston chaka chonse. Ankati akuchedwa chabe, koma sinabwere, ndipo zimenezi zinamupweteka kuposa mmene ankaonetsera. Anabwera ndi makoleji ang'onoang'ono awiri. Kenako mu Okutobala kunabwera foni ya ku Calloway: sukulu yaulere zaka zinayi, pogona, chakudya, zonse. Kendrell anavomera ndi pakamwa, ndipo monga mwa mwambo anaimbira ang'onoang'ono aja kuwathokoza n'kuwauza kuti apeze wina. Chomwe chinatsala chinali mawu a Vandiver okha, mpaka Lachitatu la mu Disembala lokasaina. Ozell ankayendetsa lole, Vernice ankaphika ku sukulu ya pulayimale. Njira ina yopitira ku koleji panalibe.

Kuyambira tsiku limenelo Ozell sanaimbenso pa wailesi.

"Wameza foni kodi?" anamufunsa Purvis, mnzake wapantchito, amene ndi wa Calloway mpaka m'mafupa. "Bwera ndikubwereke juzi yofiira, mkulu. Ingakukhale."

"Dzaza thanki yako," anatero Ozell.

Pulogalamu ankamverabe. Oimba foni ena ankafunsa ngati Ozell anamwalira. Iye mantha ake anali amodzi: kuti wina adzamutsina khutu Vandiver kuti bambo wa mnyamata uja ndi yemwe uja wakhala akumutcha wabodza zaka zisanu ndi zitatu. Munthu wolonjeza anyamata ochuluka kuposa malo amangofuna kachifukwa kakang'ono kuti achotsepo mmodzi. Pa mafomu onse Ozell anauza Vernice kuti alembe O. L. Crenshaw, ngati kuti ku Pine Level kuli a Ozell khumi.

Choseketsa n'chakuti munthu amene ankapempherera kuti Vandiver achoke anayamba kupempherera kuti akhale. Masapota kuno amalondola ndege pa foni zawo ngati alibe chochita, ndipo sabata lomaliza lisanakwane wina anaona kandege kochokera ku Texas katatera pafupi ndi Calloway, n'kukhalapo maola atatu. Mphekesera inali yoti sukulu ya kumeneko ikumufuna Vandiver. A Marston anasangalala. Ozell anadzaza thanki ya nyumba yolakwika tsiku limenelo.

Lamlungu masana, kutatsala masiku atatu kuti asaine, Vandiver anati abwera kunyumba, monga amachitira makochi onse. Ozell anatsitsa mbendera mmamawa n'kukaipinda m'shedi. Vernice anakazinga nkhuku, anaphika masamba ndi buledi wa chimanga, n'kuwotcha payi ya mbatata.

"Mafunso ako aja ufunse lero," anatero Vernice akuyala nsalu patebulo. "Zaka zonsezi wakhala ukuphunzitsa makolo a eni."

"Akangomva mawu anga, mwana watha."

"Ndiye ukhala ngati chitsa?"

"Uwauze kuti ndili ndi chimfine. Pakhosi patsekeka."

"Ozell, wangobwera kumene kutchalitchi."

"Ndiye unameko kamodzi, Vernice. Ndakupempha."

Vandiver anafika pa galimoto yakuda, anavula chipewa pakhomo, n'kumutcha Vernice kuti mayi. Pafupi anali wamfupi kuposa pa TV, ndiponso wokoma mtima, chimene chinamukwiyitsa Ozell kwambiri. Anadya ntchafu ziwiri, anapempha payi ina, anatchula masewera a Kendrell amodziamodzi ngati analipo. Kendrell ankangomwetulira, maso ali m'mbale.

Vernice anayesa. "A Kochi, tikumva za ndege ya ku Texas."

"Mayi, ndege zimatera tsiku lililonse," anatero Vandiver akuseka. "Mtima wanga uli ku Calloway."

Vernice anagwedeza mutu, osadziwa pokanikizira. Ozell ankadziwa. Ankadziwa kuti mawu omwewo, a mtima uli kwakuti, Vandiver anawanenanso ku sukulu imene anachokako, sabata yomwe anachokayo. Ankadziwa kuti pamalo a Kendrell panalonjezedwa anyamata asanu ndi awiri pomwe malo anali anayi, ndipo maina awo akanatha kuwatchula ali m'tulo. Zonsezo zinali pakhosi pomwepa.

"Bambo Crenshaw," anatero Vandiver akupukuta zala, "ndamva za chimfine, pepani. Koma ngati pali funso, ngakhale monong'ona, ndili pano."

Vernice anamuponda Ozell phazi pansi pa tebulo. Kendrell anadzutsa mutu n'kuyang'ana bambo ake. Ozell analoza pakhosi, anapukusa mutu, n'kumwetulira. Pochoka anagwirana chanza, ndipo Ozell anamva chisangalalo chopusa kuti munthuyo sanamuzindikire.

Lachiwiri kunazizira, maoda a gasi anali mbwee. Cha m'ma 2 koloko Ozell anali kuseri kwa nyumba ya mayi wina wokalamba, paipi ili m'manja, pamene Purvis anamuimbira.

"Vandiver wapita," anatero Purvis, mawu ali ziii. "Wasaina ku Texas. Zaka khumi. Ngakhale kutsanzika anyamata sanatsanzike."

Ozell anatseka gasi, anapinda paipi bwinobwino, n'kukakhala m'lole.  Foni inaliranso. Anali Kendrell, akuimba ali kusukulu.

"Adadi, andiimbira a ku Calloway. Akuti mawa ndisasaine kaye, ndidikire kochi watsopano aone amene akuwafuna."

"Anena liti?"

"Sananene. Ndaimbira ena awiri aja. Wina akuti malo omaliza anapereka dzulo." Kenako anawonjezera, "Tebulo ayala kale mu holo ya masewera, dzina langa lili pomwepo. Amayi agula kale keke."

"Usadandaule, mwana wanga. Tiona."

"Adadi, inu munkadziwa kuti achoka?"

Ozell anayang'ana chiwongolero. Malo omaliza anaperekedwa dzulo, Lolemba. Akanafunsa Lamlungu, akanamukanikiza munthuyo mpaka nkhope kusintha, bwenzi Lolemba mmamawa ali pa foni ndi makoleji aja.

"Ndinkadziwa," anatero.

Kendrell sanakalipe. Anangoti belu lalira, n'kudula.

Itakwana 3 koloko Ozell anatsegula wailesi. Kunali chikondwerero. A Marston ankaimba mmodzi pambuyo pa mnzake, kuseka a Calloway, wina mpaka kuliza hutala ya galimoto pa foni. A Calloway ankatukwana Vandiver ndi mawu omwe Ozell ankagwiritsa ntchito kale. Ozell anaimba nambala ija. Mtsikana wolandira mafoni atamva dzina sanamuike n'komwe pamzere.

"Anthu inu, akufa auka," anatero Skeeter akuseka. "Ozell wa ku Pine Level, miyezi iwiri tikukufuna. Lero ndi tsiku lako, mkulu. Unanena, sanakumvere. Nyama ndi iyi, dula pomwe ukufuna."

Ozell anatsokomola. Kunja kamphepo kankagwedeza udzu wouma m'mbali mwa msewu.

"Skeeter, za Vandiver ndilibe nazo mawu."

"Wati chiyani?"

"Dzina langa ndine Ozell Crenshaw. Ndili ndi mwana wanga, Kendrell Crenshaw, amasewera pamzere wakutsogolo ku sekondale ya Pine Level. Ndi wamtali mafiti sikisi ndi mainchesi anayi. Sanajombepo ku maphunziro a timu, m'kalasi amakhoza, sayankha akuluakulu mwano. Mawa amayenera kusaina ku Calloway." Kenako anapitiriza. "Ngati pali kochi akumvera, wa koleji iliyonse, yaikulu kapena yaing'ono, yovala mtundu uliwonse, ndikupempha. Mwanayo sanalakwe kanthu."



"Pitiriza, Ozell," anatero Skeeter, osasekanso. "Tchula nambala yako."

Ozell anaitchula pang'onopang'ono, n'kuibwereza kawiri, kuti amene alibe cholembera pafupi akhale ndi nthawi yochifuna.