Kanema wa Telala pa Liwaladzi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cholongolola. A Saidi, eni vidiyo sho pa Liwaladzi, anandimva ndikunamiza asodzi padoko, nati, "Pakamwa pakopa pabwere padzandithandize."

Inali ntchito yomasulira makanema. Ndinkaliza jenereta, kulumikiza sikirini ndi sipika, kubaya fulashi ya makanema, kenako n'kukhala kutsogolo ndi maikolofoni. Mzungu akayankhula, ndinkatsitsa voliyumu n'kunena m'Chichewa. Chingerezi changa chinali choperewera, zambiri ndinkangopeka. Oonera nawo anali ndi chizolowezi chawo: aliyense wa m'kanema ankamupatsa dzina la munthu wa m'mudzi, n'kumaseka mpaka misozi.

Tsiku lina kunachita mwera, asodzi osalowa m'madzi, ndipo pofika masana shedi yoonetseramo makanema inali itadzaza. A Saidi anasankha kanema wakalekale wopanda mitundu. Anali wa telala wofatsa amene analowa chipani cha mtsogoleri wankhanza. Atangovala yunifomu anasintha. Anayamba kupereka anansi ake kwa asilikali, kenako kuwamenya yekha, mapeto ake n'kumacheza ndi makina ake osokera.

Pamene telala ankaponda nkhalamba pamutu, wina anakuwa, "A Chikuse amenewo!"

Palibe anaseka. A Chikusewo anali pabenchi yakumbuyo, mdala wosoka maukonde, amene paunyamata wawo ankamenya anthu opanda khadi la chipani. Yusufu, msodzi wa manja ngati nkhafi, anaimirira. Bambo ake anagontha khutu ndi chibonga cha a Chikuse, mpaka kumwalira ali choncho.

Yusufu anathyola mwendo wa benchi. Anawamenya nawo a Chikuse paphewa, kenako pakamwa. Mano anagwera m'fumbi, magazi chuchuchu. Atagwa, ena anayamba kuwaponda nawo, ngakhale anyamata amene nthawi ya makadi anali asanabadwe. Ine ndinangouma ndi mantha, maikolofoni ali m'manja.

"Zimitsa jenereta, chitsiru iwe!" anakuwa a Saidi.

Ndinathamanga kukazimitsa, n'kung'amba pulasitiki wakuda amene tinkatchingira dzuwa. Kuwala kutalowa, anthu anaonana nkhope n'kuyamba kutuluka mmodzimmodzi. A Chikuse tinawakweza kabaza kupita nawo kuchipatala. Anachira, koma dzanja lawo lamanja silinasokenso ukonde.

Kuyambira pamenepo ndinkakhala chammbali, diso lina pa sikirini, lina kwa anthu, ndipo pulasitiki ndinkamusiya wotsegula pang'ono. Zimandiwawabe. Telala uja anachita kuvala yunifomu kuti asinthe. Anzanga aja analibe ndi yunifomu yomwe, unawakwanira mdima wa m'shedi.