Mpando wa Woyendetsa Chikepe

Bashi Nkandu anayendetsa chikepe cha mgodi ku Mufulira zaka makumi atatu, ndipo sanachitsitsepo belu lisanalire. Atapuma pantchito anamupatsa wotchi yakufa. Chimene anatsala nacho ndi mpando pa tebulo la poka, masewera a makadi obetcherana, kuseri kwa shopu ya kalipentala ku Kankoyo, Lamulungu lililonse masana.

Mipando inali isanu ndi umodzi, oifuna ambiri. Ankasewera ndi zitsekerero za mabotolo, ndipo lamulo linali lakuti pa masewera otsiriza a chaka, woyamba kutha zitsekerero asiyire wina mpando wake mpaka kalekale.

Mkuluyu ankasewera ngati ali pa chikepe. Wina akaponya zitsekerero pakati, iye ankangofananitsa. Sankaonjeza pokhapokha makadi ali abwino zedi. Onse ankadziwa, ndipo ankamubudula pang'onopang'ono ngati akudya chikanda. Woposa onse anali Lombe, kapitawo wakale, yemwe pansi pa mgodi sankadziwa ngakhale dzina la munthu amene ankamukweza wamoyo tsiku ndi tsiku.

Pa tsiku lotsirizalo kamulu ka zitsekerero ka Bashi Nkandu kanali katafota. Mlamu wake wa Lombe, yemwe ankadikira malo, anaima kale kumbuyo kwa mkuluyo, dzanja lili pa mpando. Bashi Nkandu anasuzumira makadi ake: zinyalala, 7 ndi 2.

Lombe anaponya zambiri, nauza anzake kuti agogo apatsidwe chakumwa cha munkoyo chotsanzikira.

“Tayani makadi, mudala, mukathandize amayi kusenda nyemba.”

Kufananitsa kunali kufa mochedwa, kutayanso chimodzimodzi. Bashi Nkandu anakankha kamulu konse ndi manja awiri mpaka pakati pa tebulo. Ena onse anataya.

Lombe anasiya kuseka. Atatsatira n'kuluza, wotsala ndi zochepa akanakhala iyeyo. Anayang'ana makadi ake, kenako nkhope ya mkuluyo, amene thukuta linkamuyenderera kumsana koma maso ali pakhoma ngati akudikira belu. Anamufunsa kawiri chimene wagwira, anamutukwana pang'ono.

“Uyu satsitsa chikepe belu lisanalire,” anatero Lombe, nataya makadi ake poyera: mafumu awiri.

Kenako analamula kuti aone chimene chamugonjetsa. Bashi Nkandu analowetsa makadi ake pakati pa ena, n'kusakaniza.

“Kuona n'kolipira, Ba Lombe. Inu simunalipire.”

Anatembenuka, nauza mlamuyo kuti achotse dzanja pa mpando wa eni.