Matope a Pansi pa Diramu

Kwathu ine ndine munthu wosakhulupiriridwa. Ndiyambe ndi zimenezo kuti tisadzakangane kutsogoloku. Ndinaphunzitsa sayansi ku sekondale kuno ku Chipata mpaka tsitsi linandithawa, koma abale anga akamva mawu anga amayamba achotsapo theka, kenako n'kumvetsera chotsalacho. Zinayamba tsiku lomwe ndinawauza kuti ndinaona mbuzi ya ku Nabvutika itaima pamphambano m'tauni, kudikira kuti maloboti ailole kuwoloka. Ndinaiona ndithu. Inayang'ananso uku ndi uku.

Chaka chimene ndikunenachi, dzuwa la Okutobala litafika poti nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa, kumudzi kwathu ku Kasenengwa kunabuka tizilombo toluma. Sunali udzudzu. Udzudzu uli ndi ulemu, umayamba waimba usanalume. Iti tinali tintchentche tating'onoting'ono ngati fumbi la tsabola, tobwera m'mawa ndi madzulo mwakachetechete, ndipo munthu unkadziwa kuti tafika utayamba kale kudzikanda. Neti ya udzudzu sitinkaiona ngati kanthu. Tinkalowa pa kabowo kamodzi tiwiritiwiri, titagwirana manja. Anthu anapirira, koma nkhosa za akulu anga zitayamba kutupa milomo, imodzi n'kufa, ndipo a vetenale atanena kuti nthendayo imayenda ndi tizilombo timeneti, nkhani inakula.

Akulu angawo ndi hedimasitala wopuma ntchito. Anabwerera kumudzi ndi nkhosa, ndi kabati ya loko, ndi mawu aja olankhulira pa asembule. Mlongo wathu, wotsiriza kubadwa, ndi wamasiye. Iye ali ndi dimba kumunsi kwa mudzi, la tomato ndi repu, ndipo pakati pa dimbalo pali chitsime chimene anakumba malemu alamu athu. Ndiwo zamasamba za m'dimbamo ndi zimene zimabwera ku msika wa ku Kapata, ndipo ndi zimene zimadyetsa ana ake.

Banja lathu ndi la aphunzitsi kuyambira kwa agogo, amene anaphunzira ku mishoni. Tonse tinakula tikuloweza phunziro limodzi la ukhondo: madzi oima ndi mdani, athireni oyilo kapena akwirireni. Tinkaliloweza ngati katekisimu. Choncho Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi, titakhala pakhonde, aliyense ananenapo zake motsatana ndi kubadwa, kuyambira wamng'ono, monga mwa mwambo wa pakhomo pathu. Akulu amalankhula pomaliza, ndipo akalankhula nkhani yatsekedwa.

"Madzi oima pamudzi pano ali malo amodzi okha," anatero. "Chitsime cha kudimba chikwiriridwe mwezi uno usanathe. Ngolo ya dothi ndilipira ndine."

Mlongo wanga anangowerama, n'kumakonza chitenje pa mawondo. Dimba lopanda chitsime mu Okutobala silidikira munthu, limauma ukuliyang'ana.

Atandiperekeza kokwerera galimoto ndi pamene mlongo wangayo anayankhula.

"Alongo, kodi sayansi yanu ija ndi yoonera mbuzi pamaloboti basi?"

"Mbuzi ija ndinaiona."

"Chabwino. Kaoneninso kumene kukuchokera tizilomboti. Tikapezeka kuti n'ta m'chitsime changa, khasu lokwiririra ndigwira ndine."

Ndinalumbira mumtima kuti chitsime chimenecho sichikwiriridwa pa mlandu umene sichinapalamule. Kalikonse kouluka kamayamba ndi ubwana, ndipo ubwana wa tintchentche ndi mphutsi. Ukapeza pamene pali ana, wapeza kwawo. Ndinabwereka maikulosikopu yakale ku sukulu imene ndinkaphunzitsa, ndinafukula galasi langa lokuzira zinthu, ndinatolera mabotolo a jamu m'nyumba monse, ndipo m'kati mwa sabata ndinabwerera kumudzi ndi supuni yaikulu ya akazi anga, yomwe mpaka lero akuganiza kuti inabedwa ndi alendo.

Ndinatapa madzi ndi matope a m'chitsime. Ndinatapa kuseri kwa bafa. Ndinatapa pa mjigo. Pomaliza, ndikudutsa pa khola la akulu, ndinaponda pofewa. Pamenepo pali diramu yomwera nkhosa, yokhazikidwa pa njerwa, ndipo inkadontha pansi pang'onopang'ono. Panalibe madzi oima ayi. Panali matope akuda osakanikirana ndi ndowe, onyowa ngati phala, ozizira bwino mumthunzi pamene dziko lonse linali kupsa. Ndinatapa pamwamba pake mothamanga, akulu ali m'nyumba kumvera nkhani pa wailesi.

Mphutsi zazing'ono chonchi suzipeza pofufuza ndi chala. Umasungunula shuga wambiri m'madzi, n'kuthiramo matope, n'kutakasa. Dothi limatsika, tamoyo timayandama. Akazi anga atandipeza pakhonde lathu ku Kapata ndikuthira shuga wa mwezi wonse m'matope a ndowe, anayang'ana mbaleyo, n'kuyang'ana ine.

"Aphunzitsi," anatero kenako, "tiyiyo mumwa nokha."

Za m'chitsime zinayandama zoyamba: timphutsi tofiira ngati magazi. Ndinati basi mlongo wanga wagwa nawo mlandu. Koma pa maikulosikopu ndinaona kuti tili ndi timiyendo tabodza, kutsogolo pafupi ndi mutu ndi kumbuyo kumchira, ndipo posambira tinkadzipinda ngati munthu wopotokola m'mimba. Amenewo ndi ana a tintchentche tina tofanana ndi udzudzu koma tosaluma. Makolo awo alibe n'kamwa lomwe lobayira. Ana a udzudzu, aja a chifuwa chotupa olendewera mutu pansi, sindinawapezemo, chifukwa malemu alamu anaponyamo milamba m'chitsimemo, ndipo milambayo siigona ndi njala.

Za pansi pa diramu zinali zina. Poyamba ndinayesa kuti mulibe kanthu, kufikira nditapendeka mbale padzuwa n'kuona tiulusi toyera tikuthamanga. Kamodzi ndinakaika pa galasi. Kanali kowonda, kosatalika kuposa kanjere ka mpunga, thupi lake la mfundomfundo ngati nzimbe, losalala, lopanda mwendo ngakhale umodzi. Kutsogolo kanali ndi kamutu kolimba kofiirira, kosongoka pang'ono, ndi timaso takuda. Kankasambira mokhotakhota ngati njoka, mofulumira moti maso ankatopa. Kanandiyang'ana. Ndikudziwa kuti muchotsapo theka, koma kanandiyang'ana, ndipo nkhope yake inali ya munthu wodziwa mlandu wake. Pambali pake panayandama tina tomwe tinali titasanduka kale tizikwa tofiirira, tokhala ndi tinyanga tiwiri topumira kumutu, tikudikira tsiku lotuluka ndi mapiko.

Kuti nditsimikize, matope otsala ndinawaika m'botolo kuti ndiwalere, ndione chomwe chidzatuluke. Pakamwa pa botolo ndinamangapo chidutswa cha neti ya udzudzu. Mwaona kale pamene ndinalakwa. Ine ndinaona patapita masiku, akazi anga atayamba kudzimenya mbama m'mapazi akusita zovala. Ziweto zanga zonse zinatuluka pa neti n'kubalalika m'nyumba. Ku Kapata konse anthu anadzikanda sabata imeneyo, ndipo ine ndinkadzikanda nawo kuti asandikayikire. Koma kamodzi ndinakagwira pa dzanja la akazi anga kali m'kati mwa ntchito, ndipo pa galasi mapiko ake anali a timadontho totuwa, chimodzimodzi ndi tija ta kumudzi.

Umboni ndinali nawo. Chovuta chinali mwini umboniwo. Ndinapita kwa akulu ndi zithunzi za pa foni, ndikuyankhula mosamala ngati woyenda pa minga, pakuti sungauze mkulu wako pamaso kuti nkhosa zake zikuphedwa ndi diramu yake yomwe.

Anayang'ana chithunzicho atatalikitsa dzanja.

"Kaulusi aka?"

"Ndi mwana wake, Akulu."

"Wakatenga kuti?"

"Pafupi ndi khola."

"Iwe," anatero, akundibwezera foni, "unaona mbuzi ikuwerenga maloboti. Leka kundisokoneza. Pakhola palibe madzi oima. Ngolo ibwera monga ndinanenera."

Ndinatsikira kudimba. Mlongo wanga anali kuthirira ndi keni, tomato atayamba kufiira. Anaona nkhope yanga n'kupitiriza kuthirira. Ndinakhala pa mzere ndikuganiza. Mawu ochokera m'kamwa mwanga akulu sangawalandire, ngakhale nditabwera ndi mphutsi yaikulu ngati mkono ikuvomera yokha. Koma pali chinthu chimodzi chimene munthu ameneyu amachikhulupirira kuposa maso ake, ndicho envulopu ya mayeso yomata. Zaka zonse za uhedimasitala wake, nyengo ya mayeso ndiyo inali Khirisimasi yake: kulandira mapepala, kuwatsekera m'kabati, kuimika envulopu pamaso pa ana kuti onse aone kuti sinatsegulidwe. Mpaka lero akamatsegula paketi ya tiyi amayamba aionetsa kwa alamu, akazi awo.

Ndinakweranso kumtunda.

"Akulu, mwanena zoona, ine ndine wokayikitsa. Ndiye ntchitoyi ikufuna woyang'anira mayeso. Chitsime chilembe, khola lilembe. Mutape ndinu, mumate ndinu, musunge ndinu. Ine ndisakhudze. Chitsime chikalephera, ndidzakwirira ndi manja angawa."

Ndinaona msana wawo ukuwongoka.

"Mayeso opanda mboni si mayeso," anatero.

Anavala jekete, dzuwa lonse lija. Alamu anaitanidwa kukhala mboni ya khola, mlongo wathu mboni ya chitsime. Ine anandiimika patali ngati mwana wogwidwapo akubera mayeso. Anatapa okha m'mphepete mwa chitsime, anatapa okha pansi pa diramu, atatsina mphuno. Pokutira ndinapempha kunenapo mawu amodzi: neti ayi. Alamu anang'amba malaya akale oyera. Akulu anamanga nsaluyo ndi ulusi pakamwa pa botolo lililonse, anadonthezera kandulo pa mfundo, n'kusindikizapo chala chachikulu. Kenako mabotolo analowa m'kabati, kiyi m'thumba la jekete. Wa ngolo anauzidwa kuti adikire zotsatira.

Masiku odikirawo sindinakhazikike. Ndinkaopa kuti matope auma, kapena kutentha kwa m'kabati kupha ana onse, mabotolo n'kutuluka opanda kanthu. Ndipo mayeso opanda wolephera akanatanthauza kuti chigamulo chakale chikhala. Ndinkaimba foni m'mawa uliwonse.

"Akulu, mwadonthezamo timadzi pansalupo?"

"Wolemba mayeso salangiza woyang'anira."

Alamu ndi amene anandinong'oneza pambuyo pake kuti akulu ankadonthezamo, ndi supuni ya tiyi, ndiponso kuti masana ankatsegula kabati kuti mupite mphepo, iwo atakhala pampando kutsogolo kwake ngati mlonda.

Lamulungu lomaliza la mweziwo tinakhalanso pakhonde. Akulu anatulutsa mabotolo, anawakweza m'mwamba limodzilimodzi.

"Mwaona kuti sanatsegulidwe?"

"Taona," tinayankha tonse ngati ana a giredi seveni.

M'botolo la chitsime munali tiwiri kapena titatu totalika miyendo, tina ta nyanga za nthenga, titakhala pagalasi mwaulesi. M'botolo la khola, pansi pa nsalu panali bii, ngati wina wawazapo tsabola, ndipo tsabolayo ankayenda. Ndinawapatsa galasi lokuzira. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Mapiko a madontho," anatero.

"Tiyerekeze ndi tomwe timakulumani, Akulu."

"Ndikudziwa tomwe timandiluma."

Komabe hedimasitala samaliza mayeso popanda pulakitiko. Anamasula ulusi, anapinda dzanja la jekete, anavundikira mkono wawo pakamwa pa botolo la chitsime. Palibe chinachitika, toulukato tinathawira pansi. Anasamutsira mkono pa botolo la khola. Tinadikira. Alamu anayamba kuseka chamumtima. Kenako nsidze za akulu zinagwedezeka, mlomo unalimba, ndipo munthu amene sindinamuonepo akudzikanda pagulu anachotsa mkono n'kuukanda mpaka jekete linagwa paphewa. Mawu amene ananena pamenepo sindingawalembe, chifukwa ndi mkulu wa mpingo, ndiponso palibe angandikhulupirire.

Atakhala pansi anatsokomola, n'kuyankhula pomaliza monga mwa mwambo.

"Monga ndakhala ndikukayikira," anatero, "vuto lili pa diramu. Phunziro lija la madzi oima ndi la udzudzu. Chitsime chakhoza."

Palibe anatsutsa zoti ankakayikira. Mlongo wanga anaombera m'manja mwaulemu, nati, "Zikomo Akulu, mwatiunikira," koma phazi lake linaponda langa pansi pa tebulo mwamphamvu moti chikhadabo chinada.

Ngolo inabweradi, koma dothi lake linathiridwa pakhola. Tinapala matope onse aja n'kuwamwaza padzuwa, diramu inapita kowotcherera, ndipo inakhazikidwa pa miyala pomwe madzi otayika amauma msanga. Tizilombo sitinathe tonse, pakuti makola pamudzi ndi ambiri, koma tinachepa moti madzulo anthu anayambanso kukhala panja.

Sabata yotsatira mlongo wanga anatsika pa Kapata ndi madengu ake, n'kudutsira kwathu kudzasiya tomato ndi paketi ya shuga ya alamu ake, akazi anga. Tomato mmodzi mwa amenewo anali wamkulu moti tinamudula ndi sowo, theka n'kugawira aneba. Akazi anga alipo, mukhoza kuwafunsa, ngakhale iwonso masiku ano amachotsapo theka.