Galimoto yam'chigafa

Nditapuma pa ntchito ya unamwino, ndinawauza achimwene anga kuti ndikufuna kugula galimoto. Iwo anakondwa, poganiza kuti ndikunena kapikapu konyamulira chimanga ndi feteleza. Nditafotokoza kuti ndikufuna ya zitseko ziwiri, ya mipando iwiri yokha, yotsika mpaka mimba kutsala pang'ono kukhudza pansi, ya denga lansalu lopinda, anandifunsa modabwa:

"Achemwali, zaka zonsezi mwakhala mukupatsa anthu mankhwala. Simunasungeko anu?"

Chilakolako chimenechi sichinayambe dzulo. Bambo athu ankasankha fodya pa esiteti ina kuno ku Kasungu, ndipo mwini esitetiyo anali ndi galimoto yoteroyo. Ikamadutsa pakati pa minda, ana tonse tinkasiya chilichonse n'kuthamangira fumbi lake. Anzanga anakula n'kuiwala, ine ayi. Amuna anga atamwalira, ana atakula n'kukhala paokha, ndinaona kuti panalibenso woti ndimupemphe chilolezo.

Galimoto zotere n'zakalekale ndipo sizipezeka wamba. Koma achimwene anayendetsapo malole onyamula mabelo a fodya kupita ku okushoni, choncho amadziwa aliyense wokhala ndi chinthu cha matayala anayi m'dera lino. Uku akung'ung'udza, anandipezera ziwiri: yofiira pa Boma pomwepa, ndi yobiriwira pa esiteti ina yakale cha ku Simlemba.

Tinayamba ndi yofiira. Mwini wake anali bambo wina wogula fodya kwa alimi m'midzi, wokhalanso ndi bala kuseri kwa msika. Tinawapeza m'mawa atakhala pa kireti ya mowa, akutokosa m'mano. Galimotoyo inali itaima pambali pa khoma, ikunyezimira ngati yangotuluka m'sitolo. Ndisaname, inandikopa.

Bambo aja anaponyera makiyi achimwene. "Madala, kwerani muimve."

"Ogula si ine, ndi achemwali angawa."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, pang'onopang'ono, n'kuseka. "Amayiwa? Akugulira mwana wawo?"

"Ndikudzigulira ndekha," ndinatero, n'kutenga makiyi m'manja mwa achimwene.

Injini inalira nditangopotokola kamodzi, mawu ake osalala, akuya. Koma nditatseka chitseko, fungo linandilandira. Anali atapoperamo mafuta onunkhira ochuluka zedi, ndipo munthu amene wagwira ntchito m'chipatala amadziwa kuti popopera chonchi pali chobisa. Pansi pa kununkhirako panali mowa wosasa, thukuta ndi masanzi akale. Miyendo yanga ndi yaifupi, ndiye ndinakoka mpando kuti usendere kutsogolo. Kuseri kwake kunatulukira kansapato kakuda ka sukulu, phazi limodzi, ka mwana wamkazi.

Ndinakanyamula. Bambo aja sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anagwira achimwene paphewa ngati anzawo akalekale.

"Iyi ndi nyambo, madala. Ukangoima nayo pafupi ndi geti ya sekondale poweruka, atsikana sakana. Amachita kulimbirana. Ndikuigulitsa chifukwa kunyumba kwavuta, apo ayi sindikanaisiya."

Ine ndinagwira ntchito zaka zambiri kuchipinda chochilira amayi. Ndinalandirapo ana oti mabere angotuluka kumene, akulira kuitana amayi awo, thupi lisanakhwime loti n'kubereka. Ukawafunsa mwini mimba, amangoyang'ana kukhoma. Ndinazimitsa injini, n'kuika kansapato kaja pamwamba pa boneti, n'kupita kukalavula kuseri kwa khoma.

Tili panjira, achimwene anati, "Munthuyo ndi wauve, sindikukana. Koma injini ija mwaimva nokha. Mukugula galimoto, osati mwini wake."



Sabata yotsatira tinapita kukaona yobiriwira. Tinakwera minibasi, kenaka njinga zamoto. Unali mwezi wa Ogasiti, fodya atatha kale m'minda, kutangotsala zitsa ndi mphepo yofumbula dothi m'maso. Esitetiyo inali itatopa. Zigafa zina zoumitsiramo fodya zinali zitagwa, ndipo tinyumba ta matenanti tinali mbali imodzi, madenga audzu atasosoka.

Anatilandira mwana wa mwini wakale, nayenso wa imvi kale, atavala jekete dzuwa lili phwee. Awa anandipatsa ulemu, analankhula ndi ine mwini wake, ndipo ndinayamba kumasuka. Anatitsogolera ku chigafa chimodzi chimene chinali chiriri, n'kuvundukula masaka. Nkhuku zinabalalika kuchokera mkati, zikutetera.

Mipando inali yokutidwa ndi zitosi, zina zouma, zina za tsiku lomwelo. Makoswe anali atadya siponji n'kumanga zisa m'menemo. Nditatsegula kabokosi ka kutsogolo, ndinapezamo khoswe wakufa, atatupa, mphutsi zikuyenda. Ndisanabwerere m'mbuyo n'komwe, utitiri unali utakwera kale m'mikono mwanga. Komabe thupi la galimotoyo linali lokongola kuposa yofiira ija, mphuno yaitali, magetsi obulungira, dzimbiri lochepa chifukwa sinkanyowa ndi mvula.

"Injini ndi yamoyo, mayi. Batire yokha ndi imene yafooka. Tiikankhe muione."

Anapopa matayala ndi pampu ya njinga, n'kuthiramo petulo wa m'chigubu, kenaka anakuwa kuitana matenanti. Amuna anali atapita kukadula mitengo, choncho kunabwera azimayi. Wina anali ndi mwana kumsana, wina anali woyembekezera, mimba yotsika kale, mapazi otupa. Achimwene anayala saka pampando n'kugwira chiwongolero, azimayi aja n'kuyamba kukankha.

Inakana. Anaibweza, n'kukankhanso. Inakananso. Apa ulemu uja unatha. Bambo wa jekete anayamba kuyenda pambali pawo manja ali kumbuyo.

"Kankhani, agalu inu! Ufa wanga mumadya uja ndi waulere?"

"Bambo, asiyeni," ndinatero. "Mayi uyu watsala pang'ono kuchira."

"Musadandaule nawo, mayi, anazolowera amenewa."

Ndinapita ndekha kukamugwira dzanja mayi woyembekezera uja, n'kumukhazika pamthunzi. Ankaopa kuti ndamuputira mlandu. Ndinamufunsa ngati anayamba sikelo, iye anangopukusa mutu, maso ali kwa bwana wake. Nthawi yomweyo injini inatsokomola n'kulira, utsi wakuda n'kuwaphulikira kumaso azimayi otsalawo. Mwana wa kumsana uja anatsamwa n'kuyamba kulira. Bambo wa jekete anaomba m'manja, nkhope ili ngwee.

"Mwamva? Ndimanama?"

Nditafika kunyumba, ndinaviika zovala zonse m'madzi otentha n'kusamba mpaka khungu kuwawa. Kwa masiku angapo sindinafune kumva za galimoto. Achimwene ankabwera m'mawa uliwonse ndi mfundo zawo: yofiira ikuyenda kale, yobiriwira idya nthawi kwa makaniko, zipangizo zake n'zosowa. Zonsezo zinali zoona. Kenaka anabwera ndi uthenga woti bambo wa kubala uja waimba foni, akuti anditsitsirako mtengo, komanso akufunsa ngati ndili pabanja.

"Muwauze kuti ndatenga yam'chigafa," ndinatero.

Sikuti mwini wa yobiriwira anali wabwinoko. Onse awiri ankandichititsa nseru, ndipo zinkandiwawa kuti mmodzi wa iwo apindula nane. Ndinaganizaponso zongosiya zonse. Koma yofiira ija Boma lonse linkaidziwa. Mayi aliyense wokhala ndi mwana wamkazi ankaidziwa, ndipo atsikana ena akanaiona ikubwera pamsewu, mitima yawo ikanagunda ngakhale woyendetsa ndi ine. Sindikanatha kukhala pampando umenewo n'kumapita nawo ku tchalitchi. Zitosi ndi makoswe ndi uve umene manja anga amaudziwa.

Tsiku lokaitenga ndinabwereka lole, ndipo ndinawauza achimwene kuti abwere ndi anzawo oikweza, pasapezeke tenanti aliyense wogwirapo. Ndinatenganso mapiritsi owonjezera magazi, n'kukamupatsa mayi woyembekezera uja kuseri kwa kanyumba kake, n'kumuuza kuti akadikirire kuchipatala masiku asanakwane. Kaya anapita, sindikudziwa mpaka lero. Galimoto itakwera pa lole, bambo wa jekete anasisita boneti, misozi ikulengeza.

"Muisamale, mayi. Imeneyi ili ngati mwana wanga."

Ankanena zimenezi ana a matenanti ake ataima pomwepo, opanda malaya, milomo itang'ambika ndi mphepo, ndipo iye sanawayang'ane n'komwe. Anatambasula dzanja kuti titsanzikane. Ine ndinakwera lole.

Kuyeretsa ndinachita ndekha, nditavala magolovesi ndi chophimba pamphuno ngati ndabwerera kuntchito. Ndinazula mipando n'kuitentha kudzala. Pansi pake ndinapeza mazira owola amene ankaphulika ndikangowakhudza, ndipo aneba anatseka mawindo awo. Kenaka inakakhala kwa makaniko mpaka mvula inayamba, tikudikira zipangizo zochokera ku Lilongwe. Nthawi zonse achimwene akadutsa pagalajapo, ankabwera kudzandiuza kuti yofiira ija aiona ikuthamanga.

Koma inatuluka. M'mawa wina mvula itakata, ndinapinda denga n'kulowa mumsewu wa phula wopita kumpoto, minda ya fodya itabiriwira mbali zonse. Ndinaponda mafuta mpaka duku linauluka, ndipo sindinaime kuti ndilitole. Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Pobwerera, mimba yake inakhula pa hampu ya pa Boma, anyamata a kabaza n'kufa nazo kuseka. Lamulungu lake, amayi ena a kutchalitchi ananong'onezana kuti namfedwa uja wayamba kusaka amuna. Mmodzi mwa iwo ndinamuchiritsa ana ake onse ndi manja angawa.

Kumudzi kwathu ku Lukwa siifika, msewu wake ndi wa zigwembe. Ndimangoiyendetsa paphula, Loweruka ndi Lamulungu, ndipo mpando winawo nthawi zambiri umakhala wopanda munthu.

Mwezi wathawu achimwene anafika pakhomo panga akukoka mbuzi ya chinkhoswe cha mwana wawo. Anaimangirira pa mpanda, n'kuyamba kuyamikira mipando yatsopano.

"Achemwali, mutiperekeze pa galimotoyi, ndi pafupi pomwepa. Tiimanga miyendo, ndiinyamula pamiyendo panga."

Akulankhula choncho, mbuzi ija inatambalala n'kukodza pakhonde panga. Ndinawalozera kumsewu kumene kumaima akabaza, n'kulowa m'nyumba kukatenga chidebe cha madzi.