Ufa Wanga Unagwera Bambo wa Eni

Uthenga unandipeza m'munda, anzanga, unandipeza m'munda wa mpunga kuno ku Sharpevale, mawu atasasa ndi kuingitsa mbalame. Ndinangoona Esinati, mwana wanga, akuthamanga m'mphepete mwa ngalande, foni ili m'mwamba. "Amayi, amayi, ndi Tadala!" Tadala ndiye mdzukulu wanga, mwana wa Esinatiyo, amene anapita ku Thailand kukaphunzitsa ana Chingerezi pa chilumba cha pakati pa nyanja yamchere. Ndinasuzumira pakagalasi, ndipo ndinaona munthu wonyowa thupi lonse, nkhope ili mbuu.

"Mwana iwe, wakuthira ufa ndani?"

"Si ufa agogo, ndi dothi loyera! Kuno ndi chaka chatsopano. Koma tamverani: ndikubwera. Mpunga wanu ukamacha mundiona."

Tadala anatembenuza foni yake kuti ndione msewu. Ine mayo! Anthu akuluakulu, andevu zawo, akuthirana madzi ndi ndowa. Magalimoto atasenza migolo, nyimbo zikugunda m'zimkuzamawu, azungu obwera kudzacheza akuthamangitsana ndi timfuti ta pulasitiki tolavula madzi. Ati kumeneko mwezi wa Epulo dzuwa limaphika munthu, ndiye aliyense wokumana naye amakunyowetsa, nakupaka dothi m'masaya, iwe n'kumathokoza. Ati chilumbacho sichitha zikondwerero. Pali china choyandamitsa timadengu ta masamba a nthochi pamadzi, muli maluwa ndi kandulo. Pali china cha asodzi, chosema kabwato n'kuikamo tsitsi ndi zikhadabo kuti matsoka apite nako kunyanja. Pali chinanso cha makono, cha alendo ovina pamchenga mwezi ukakhwima, chimene Tadala amati ndi phokoso chabe.

Esinati anatsegula pakamwa kuti aimbe nthungululu. Ndinamugwira mkono. Ndinati, "Iwe, tseka. Pasapezeke munthu woviika chimanga, pasapezeke wouza mnzake, mpaka mwanayo ndimukhudze ndi dzanja ili." Mtima unkavina, eya unkavina, koma ndinaukhazika pansi. Ine ndinasangalalapo msanga kamodzi, ndipo mpaka lero sindinaiwale.

Ndinali kamtsikana kongotha kumene kusenza ndowa yodzaza. Abambo anali ku Joni, ku migodi. Anachoka ndili kumbuyo kwa amayi, choncho nkhope yawo sindinkaidziwa. Ndinkangodziwa zimene amayi, aNamaseko, ankanena posinja: ndi aatali, amakonda chipewa, poyenda amaponda ngati akuvina ngoma. Tsiku lina aphunzitsi a ku tchalitchi anatiwerengera kalata. Abambo akubwera tikamweta mpunga, pa sitima ya Loweruka.

Anzanga, chisangalalo ndi ntchito. Malume anga aYohane anaitana amuna a ngoma ochokera kumtunda, a zishango ndi nthenga kumutu, kuti mlamu wawo adzalandiridwe monga Mngoni. Amayi anati pakhale thobwa la a mpingo, pakhalenso mowa wa ovina. Ndiye madzi ake, ndiye nkhuni zake, ndiye chimera chake! Sabata yathunthu ndinkapita kudambo ndi kubwera, kupita ndi kubwera, khosi kuchita kulowa m'mapewa. Ndikatula ndowa, mtondo ukundidikira. Ndikasiya munsi, mpunga ukufuna kupunthidwa. M'manja munatuluka matuza, matuzawo naphulika, utsi wa pamigolo yophikira mowa n'kumandiliza. Koma ndinkaimba kanyimbo kanga ndekha: abambo anga a chipewa, abambo anga a sitima, ndidzawayeretsa ndine, ndidzawayeretsa ndine.

Paja kwathu kuno munthu akabwera kuchokera kutali, kapena akapulumuka pa zoopsa, timamuthira ufa kumutu. Mutu woyera umauza mudzi wonse kuti kuno kwagwa chimwemwe. Ine ndinafuna kuti ufa woyamba ukhale wanga. Ndinatapa ufa woyera m'lichero la amayi, ndinaumanga pa ngodya ya nsalu yanga, ndipo ndinagona nawo masiku atatu.

Loweruka malume anapita ku siteshoni, natiuza ana kuti tikhale pakhomo. Sitima italira, ine ndinazemba. Ndinadutsa m'ziputu za mpunga zobaya kumapazi, ndinakabisala pa mtengo wa mango pamene njira imakhotera kumudzi. Posakhalitsa ndinawaona. Malume patsogolo, atasenza bokosi lachitsulo paphewa. Pambuyo pawo munthu wamtali, wa chipewa, wa jasi lalitali ngakhale kunkatentha. Kuti malume akuyenda choweramitsa mutu, osayankhula, ine sindinazione. Ndinaona chipewa basi.

Ndinatumphuka. "Abambo! Abambo!" Munthuyo anawerama kuti andione, navula chipewa, ine ufa wonse waa! pamutu, m'maso, m'ndevu, m'jasi.

Malume anakuwa, "Felesiya, iwe!" Koma mochedwa. Amayi ena amene ankachokera kuchitsime anaona mutu woyera patali, ndipo nthungululu inalira. Ya kuchitsime inadzutsa ya kumpanda, ya kumpanda inadzutsa ya pabwalo. Amuna a ngoma ananyamula zishango nayamba kuponda, nthaka n'kumanjenjemera mpaka pamene tinaima. Ine ndinagwira dzanja la munthu uja, kumukoka, kumukoka, monyada.

Ndiye ndinaona amayi. Ankathamanga, amayi anga amene sindinawaonepo akuthamanga, mpango uli m'dzanja limodzi, mbale ya ufa ili m'dzanja linalo. Anafika pafupi, naima. Anayang'ana munthuyo kuyambira kumapazi. Mbale inapendekeka, ufa n'kumatayikira pa zala za kumapazi kwawo, iwo osadziwa.

Munthuyo ananjuta pansi, akuphethira ufa m'zikope. Anati, "Pepani mayi. Ine ndine Zakeyu, kwathu ndi ku Mlangeni. Amuna anu ali moyo, ali bwino, tinkagona chipinda chimodzi. Koma alembetsanso ntchito. Andituma ndi bokosili."

Kunangoti zii kuyambira kutsogolo, koma a kumbuyo, osamva kanthu, anapitiriza kuimba. Ndinasiya dzanja lija pang'onopang'ono. Ndinkadikira mbama. Sinabwere. Amayi anamanga mpango wawo bwinobwino, napukuta m'maso kamodzi, nati kwa malume, "Achimwene, mowa wapsa kale, mawa usasa. Anthuwa achokera kutali. Avine."

Ndipo anavina, anzanga. Anavinira aZakeyu. Anawakhazika pa mpando umene tinabwereka kuti pakhale abambo, anawapatsa nkhuku ya abambo, chiwindi ndi nthutumba zomwe. Bambo wa eni ake anadya mwamanyazi, ufa uli m'makutu, akungoti zikomo, zikomo kwa aliyense wodutsa. Amayi anagawa thobwa tsiku lonse osakhala pansi, osalawa. Ine anandituma madzi ena, ndi enanso, ndipo ndinapita osadandaula, poti kudambo kunalibe ondiseka. M'bokosi munali bulangete, nsalu ziwiri, ndi kadiresi kanga kofiira. Kanakana kudutsa m'mapewa. Abambo ankandiyesabe khanda.

Dzina linandikakamira. Mpaka ndinatha msinkhu, anzanga pamtondo ankati, "Mwana wa aZakeyu, abambo ako ali bwanji ku Mlangeni?"

Abambo enieni anabwera patapita dzinja lachiwiri, mwezi wa njala, mvula ikuwaza, popanda kalata. Ndinakumana nawo panjira ndikuchokera kothyola ndiwo. Munthu woonda, wotsokomola, wopanda chipewa. Ndinapatuka, ndinagwada, ndinawapatsa moni monga mlendo. Anati, "Mwanawe, kwa aNamaseko ndi kuti? Nyumba zasintha." Ndinawalozera ndi dzanja, ine n'kumapita kwa anzanga. Tsiku limenelo m'nyumba mwathu munalibe ufa ngakhale wodzaza chikhatho.

N'chifukwa chake ndinamugwira mkono Esinati. Masabata asanu ndinakhala chete, ndikumweta mpunga, ndikumvetsera galimoto iliyonse ya pamsewu. Kale amuna ndiwo ankapita, kukalowa pansi pa nthaka, ife n'kumadikira pepala loti atiwerengere ena. Lero akupita ndi ana aakazi, kuwoloka nyanja, ndipo nkhope yawo umaiona m'manja mwako tsiku lililonse, sungaisokoneze ndi ya wina. Koma kudikira sikunasinthe. Kumatopetsa pamalo pomwe paja, pansi pa nthiti.

Lachinayi lapitali minibasi inaima. Wabwera, anzanga, wabwera, mwana wa mwana wanga wabwera! Ndinamugwira tsaya, ndinamugwira khutu, ndinati, "Ndiwe Tadala wa Esinati?" Anati, "Agogo, mwayamba liti kufunsa chiphaso?" Pamenepo ndinaimba nthungululu, ndipo kunapezeka kuti Esinati anali ataviika chimanga kalekale mondibisira, mudzi wonse ukudziwa kupatula ine.

M'mawa mwake Tadala anandikhazika pampando, natenga kambale ka madzi, nathothola maluwa a pampanda n'kuponyamo. Anagwada. Anati, "Agogo, zothirana mumsewu zija ndi za masewera. Mwambo wake weniweni ndi uwu. Ana amathira madzi m'manja mwa akulu, kupepesa zimene analakwa, akuluwo n'kuwadalitsa. Pepani kuti ndinakhalitsa." Madzi anayenda m'mitsempha ya manja angawa, ozizira, onunkhira. Ndinati, "Ndakukhululukira. Koma thira pang'ono, kumjigo kuli mzere."

Tavina masiku awiri. Lero msana wakana, mawondo akana, mawu atha, ndikulemba chogona pamphasa. Koma amene anabwera ndiwatchule. Anabwera aNangozo ndi ndodo yawo. Anabwera aNachisale a kutsidya kwa ngalande, ndi ana awo Mele ndi Agnesi. Anabwera aFilipo, mwana wa malemu malume aYohane, atanyamula chishango cha bambo awo. Anabwera amayi a kwaya, aRozina, aVeronika ndi aJuliyeta wosachedwa kulira. Anabwera aDikisoni a njinga, aLusiya a ku Nzama, aMateyu ndi akazi awo amanyazi, Esinati wanga wosamvera, ndi Tadala, Tadala, Tadala.