Yisiti ya m'Chitsime cha Stefa

Stefa ndi ine tinakula makomo atayang'anana, msewu wafumbi pakati, m'mudzi wina kufupi ndi tauni ya Biržai. Iye ndi wolankhula, ine ayi. Mwina n'chifukwa chake sitinakanganepo.

Bambo ake, a Kazimieras, ndiwo ankafulula mowa wa maukwati ndi maliro m'dera lonse lino. Mowa wawo sunali ngati wa ena. Ankanyika balere, kumumeretsa, kumupera, kenako phala la chimera lija ankaliumba ngati mikate n'kuliwotcha mu uvuni mpaka lidere pamwamba. Mowa unkatuluka wakuda, wonunkhira buledi wongophula kumene. Ana aamuna a m'nyumbamo anathawira kutauni. Amene anatsala pamgolo ndi Stefa, ndipo asanakwatiwe n'komwe anali atadziwa kale kumva kutentha kwa phala ndi chigongono.

Koma chuma chenicheni cha nyumba ija chinali m'chitsime. Mowa ukapsa, Stefa ankatapa nsenga za pansi pa mgolo, zomwe ndi yisiti yowiritsa mowa, n'kuziika m'botolo. Botololo ankalimanga chingwe n'kulitsitsira m'madzi ozizira kuti yisiti igone mpaka tsiku lofululanso. Inachokera kwa agogo ake, ndipo agogowo nawonso anangoipeza. Inapulumuka nkhondo. Inapulumukanso zaka za mafamu a boma, pamene anthu ankafulula zitseko zili chitsekere.

Kwathu kuno yisiti sagulitsa. Munthu akabwera ndi kapu kudzapempha sumukaniza, ngakhale mutakhala kuti simuonana ndi diso labwino. Ndipo wolandirayo sathokoza. Amati ukangonena kuti zikomo, yisiti imanyanyala, mowa n'kusasa kwa woperekayo ndi kwa wolandira yemwe. Umangovundikira kansalu pakapu n'kumapita.

Stefa anapatsa anthu ambiri, koma iye sanapemphepo kanthu kwa munthu. Mwamuna wake atamwalira, mowa wapamaliro anafulula yekha, ndipo anthu anamwa ali chete.

Zaka zapitazi kunayamba kubwera achinyamata ochokera ku likulu, ku Vilnius, ena ochokera kunja kwenikweni, aliyense ndi katambula kake m'chikwama. Amati mowa wowotcha chonchi watsala m'nyumba zowerengeka. Amanunkhiza, kuuyang'ana padzuwa, kupsontha pang'ono, n'kutsinzina.

"Mwana iwe, mowa samwera m'mphuno," ankatero Stefa. "Imwa, ukuuchititsa manyazi."

Koma akamachoka ndinkamuona ataima pageti, msana uli chilili, mpaka fumbi la galimoto litatha.

Chaka chatha anagwa pakhonde n'kuthyoka fupa la m'chiuno, ndipo anagona kuchipatala nyengo yonse yotentha. Nyumba ankabwera kudzaiona ndi mwana wake wa kutauni, amene amamwa madzi a pampopi. Mvula inasowa, madzi anatsika m'chitsime, botolo linatsala lendelende m'malere. Stefa atabwerako ndi ndodo yake, sanalowe n'komwe m'nyumba. Anapita kuchitsime, anakoka chingwe, anatsegula botolo. Fungo lake ndinalimva ndili kutsidya kwa msewu.

Mdzukulu wake Vaiva anali woti akwatiwa pambuyo pa zokolola. M'banja limenelo sipanakhalepo ukwati wopanda mowa wa yisiti imeneyo.

Anayesa kufulula ndi yisiti ya m'sitolo. Anandiitana kuti ndilawe.

"Uli bwino," ndinatero.

"A Zenonas, mwakalamba ndi bodza lomwe? Uwu ndi mowa wa munthu aliyense." Mowawo anakamwetsa nkhumba.

M'mawa mwake anagogoda pawindo langa ndi ndodo. "Lizani chigalimoto chanucho. Bambo anga anapereka yisiti m'nyumba zambiri. Pena pake ilipo, ndikaimva."

Tinayenda chonchi masabata angapo. Ine ndinkayendetsa, choncho ndinkangonyambita thovu. Tinalowa m'mashedi, m'zipinda zapansi zonunkha chinyontho, ndi m'mafakitale ang'onoang'ono a achinyamata okhala ndi migolo yonyezimira. Kulikonse ankatilandira ndi buledi wakuda ndi nyama ya nkhumba yofutsa pautsi, poganiza kuti Stefa wabwera kudzacheza. Iye sananene chomwe ankafuna. Ankalawa, kusunga mowa m'kamwa, kumeza, n'kuyamikira mwaulemu. Tikalowa m'galimoto ndiye ankapukusa mutu. Ambiri amene analandira kwa bambo ake kapena kwa iye anali kumanda, ndipo ana awo anali atasiya kufulula kapena atayamba kugula yisiti ya m'mapaketi.

Nyumba imodzi yokha ndiyo tinkaidutsa osaima, ya Ipolitas. Ameneyu ndi wa msinkhu wathu, wamfupi, wamawu ngati belu la tchalitchi. Mowa wake ndi woyera, wosawotcha, ndipo alendo onse amawauza kuti yisiti yake inachokera kwa agogo ake a agogo ake, siinatulukepo m'banja. Tsiku lina pamaliro ananena pagulu kuti mowa wa Stefa ndi buledi wonyowa. Kuyambira pamenepo moni wawo unali wa mutu wokha.

Kukolola kutayamba, ofulula a m'dera lino anasonkhana m'tauni, pabwalo la pafupi ndi nyanja ina yaing'ono, monga amachitira chaka chilichonse. Aliyense anabwera ndi mgolo wake. Alendo a matambula aja anadzaza bwalo. Kanali koyamba Stefa kufika wopanda mgolo, ndipo anthu ankamufunsa. Ankangoloza chiuno.

Anayamba tebulo loyamba n'kumatsika nawo mzere, ine pambuyo nditanyamula chikwama chake. Unalipo mowa wa uchi, wina wa nsawawa, wina wowawa ngati mankhwala. Koma wa yisiti yake panalibe. Tebulo lomaliza linali la Ipolitas, atazunguliridwa ndi achinyamata, akusimba za agogo ake a agogo ake.

"Ee, taonani amene wabwera!" anafuula. "Mayi a buledi! Lero uvuni wazima?"

"Thira mowa, nkhalamba iwe. Pakamwa pako pakutha thovu."

"Pepani, wanga ndi wakumwa. Supuni ndilibe."

Anthu anaseka. Anamuthirira. Stefa analawa, ndipo sanameze msanga. Ndinaona dzanja lake likugwiritsa ndodo. Ndinatenga tambulayo n'kulawa nanenso. Pansi pa kutsekemera kwa chimera panali kakomedwe kaja ka mowa wa Stefa, kokhala ngati dothi la m'munda mvula itangogwa, kothetsa ludzu kukhosi. Pamenepo ndinakumbukira zimene ndinaona ndili wamng'ono: mayi ake a Ipolitas akutuluka pageti la a Kazimieras, kapu yovundikira m'manja, chaka chimene nyumba yawo inapsa. Sizinali zanga zoti ndiulule.

Ipolitas nayenso anasiya kuseka. Ankadziwa. Ankayang'ana alendo ake, kenako Stefa, kudikira kuti amuvule pagulu.

Stefa anaika tambula pansi. Anapisa m'chikwama chomwe ndinanyamula n'kutulutsa kapu yachitsulo ndi kansalu. Sindinadziwe kuti masabata onsewo ankayenda nazo.

"Ipolitas," anatero, mawu ali pansi. "Yanga inafa. Ndabwera kudzapempha yisiti ya agogo ako."

Bwalo lonse la ofulula linamva, pakuti mawu ngati amenewo amayenda okha. Ipolitas anavula chipewa n'kukanda dazi lake nthawi yaitali.

"Ya agogo anga inapsa ndi nyumba," anatero mokweza, monga amalankhulira nthawi zonse. "Iyi ndi ya a Kazimieras. Mayi anga anakaitenga ndi kapu ngati imeneyo. Ana inu mwamva? Mukakasimba kwanu, mukasimbe zoona."

Anapendeketsa mgolo, anatsegula pansi, nsenga zoyera zinatsikira m'kapu. Stefa anailandira ndi manja awiri, ndodo itagwera pansi. Ndinaona kuti mawu oletsedwa aja akubwera.

"Ipolitas, ziko..."

"Tseka pakamwa, mayi iwe!" anakuwa, mpaka alendo anadzidzimuka. "Waipha kamodzi, ukufuna uiphenso? Ndi yanga yomwe?"

Stefa anameza mawuwo. Anavundikira kansalu bwinobwino.

"Mowa wako ndi wamadzi," anatero.

"Choka apa, ukundithamangitsira anthu."

Ndinatola ndodo, tinapita. M'galimoto anafukata kapuyo pamiyendo njira yonse, ndipo pa bampu iliyonse ankanditukwana.

Yisiti inadzuka tsiku lachiwiri. Anandiitana kuti ndidzamve mgolo ukulira, ndipo tinaima m'shedi muja ngati anthu omvera mwana wakhanda akupuma. Pa ukwati wa Vaiva mowa unali wakuda, wonunkhira monga kale. Ipolitas anaitanidwa. Analawa, anati wapserera pang'ono, n'kutambasulanso dzanja kuti amuwonjezere. Anapita kwawo atagona m'ngolo.

Stefa akufululabe, ngakhale kuti mgolo amamunyamulira ndi ena. Vaiva amabwera Loweruka kudzaphunzira kuumba mikate ya chimera, ndipo amatukwanidwa mokwanira.

Ukwati utatha, Stefa anawoloka msewu ndi botolo lachiwiri lomanga kale chingwe. Anati chitsime changa n'chakuya kuposa chake, ndipo ine ndilibe kopita. Analiika m'manja mwanga n'kundiyang'anitsitsa, kudikira ngati ndilakwitse n'kuthokoza.

Sindinanene kanthu. M'mawa uliwonse ndimasuzumira, ndipo madzi akatsika ndimawonjezera chingwe.