Chithunzi cha Ada Manda

Ndinanyamuka ku Salima 6 koloko m'mawa, envulopu ya khaki nditaibisa m'kati mwa malaya. Munali chithunzi chimodzi chakale: amuna khumi ndi mmodzi ovina malipenga, atavala makabudula oyera ndi sokosi zofika m'maondo. Mwini wake anali Ada Manda, telala wa ku Chintheche amene anabwerako ku migodi ya ku Zambia atasenza makina osokera, n'kuveka gulu lonselo, n'kuphunzitsa ntchito atelala ambiri a kumeneko. Ndinachibwereka polemba kabuku ka mbiri ka ana anga a sukulu. Ndinalonjeza milungu iwiri. Zinatha zaka zisanu ndi chimodzi.

Mwana wawo, Anyamanda, amene amaphika pa loji ina ku Makuzi, anali atandiimbira kawiri mwezi umenewo, ine n'kumati mawa, mawa. Kachitatu sanapereke n'moni womwe. "Aphunzitsi, ada afooka. Akufunsa chithunzi chawo." Mantha anga anali amodzi: kuwapeza atapita, chinthu chawo chili m'manja mwanga.

Kondakitala wa minibasi anati zikwi makumi awiri mpaka ku Dwangwa. Ine amene ndimanenerera ngakhale mulu wa tomato, ndinapereka osatsegula pakamwa. Minibasi inayamba yazungulira depoti katatu kusaka anthu, ngati nkhuku yofuna poikira dzira. Pa Nkhotakota tinaima kudikira mayi wina amene anakagula mpunga, ndipo dalaivala anakhala pansi kudya chipisi mosafulumira konse. Ndinagula chinangwa chokazinga, koma sindinachidye.

Ku Dwangwa tinafika masana. Ndinalowa kagalimoto ka anthu asanu ndi awiri, momwe tinapanikizanamo khumi. Mayi wachikulire amene chidebe chake cha usipa chinali pa maondo anga anandiyang'anitsitsa.

"Ada, mwagwira pachifuwa chichokereni. Mtima?"

"Ayi mayi, ndi katundu wa eni. Wa Ada Manda, atelala."

"Yewu! Amene aja anasoka diresi langa la ukwati. Mpaka lero silinasomoke ulusi. Ukwati ndiwo unasomoka." Galimoto yonse inaseka, ine ndinangoonetsa mano.

Pa Kande ndinaimba foni ya Anyamanda katatu. Inkangolira osayankhidwa.

Cha m'ma 3 koloko ndinatsika tisanafike pa Chintheche, n'kukwera njinga yamoto yolowera kunyanja, kudutsa m'minda ya chinangwa. Tisanapite patali, wanjingayo anazimitsa injini, n'kuvula chipewa. Panjira panali patayalidwa nthambi zaziwisi, chizindikiro cha maliro.

"Watisiya ndani?" ndinafunsa.

"Mdala wina wa malipenga. Dzulo."

Sindinafunse dzina, poti ndinkaona ngati ndikulidziwa kale. Ndinayenda wapansi kutsata nyimbo za amayi a mvano mpaka pa siwa. Ndinagwada pamaso pa akuluakulu amene anakhala pansi pa mtengo wa mango, n'kutula envulopu ija.

"Pepani makolo. Ichi n'cha malemu. Ndachedwa nacho, ndipo ndilibe pobisira nkhope."

Onse anangoyang'anana. Kenako kumbuyo kwanga kunamveka mawu okalamba koma akuthwa.

"Mawu amenewo ngati a mphunzitsi wa milungu iwiri uja?"

Anali Ada Manda, amoyo, atakhala pa mpando wa ndalema, jekete lositidwa bwino, tayi pakhosi. Anali atatha thupi ndithu. Ndinafuna kuseka, ndinafuna kulira, koma pamaliro a eni ndinangokwawira pomwe anali. Anyamanda anatulukira kuchokera kwa amayi ophika, manja ali mbuu ndi ufa wa kondowole, n'kundinong'oneza kuti womwalirayo ndi Ada Chirwa, woimba ng'oma wa gulu lija.

Ndinawaika chithunzicho m'manja. Anachisisita ndi zala, atachigwira chozondoka. M'pamene ndinaona kuti maso awo achita mtambo.

"Maso anapita chaka chatha," anatero. "M'kabuku kanu kaja munalemba chiyani pansi pake?"

"Ndinalemba kuti gulu la malipenga."

"Gulu? Anthu awa analibe mayina? Tulutsani cholembera."

Ndinatembenuza chithunzicho, iwo n'kuyamba kutchula, kuchokera kumanzere, osaphonya. Uyu anali msodzi, uyu anafera ku Joni, uyu kabudula wake ndinasoka kawiri chifukwa cha mimba. Atafika pa wachinayi, wonyamula ng'oma, anaima kaye, n'kuloza kunyumba komwe amayi ankaimba.

"Ine sindinkachifunira ine, aphunzitsi. Ndichiona ndi chiyani? Ankachifuna ndi mnzangayu. Iye maso anali nawo. Mpaka Lachiwiri ankandifunsa ngati chabwera, akuti adzione ali mnyamata."

Palibe anandikalipira. Anandipatsa madzi osamba m'manja, kondowole ndi usipa, ndipo ndinadya chifukwa pamaliro sakana chakudya. Ulendo wonse ndinkapempha Mulungu kuti ndipeze Ada Manda ali moyo, ndipo anandimvera. Sindinadziwe kuti amene ankandidikira anali wina. Anyamanda anatenga chithunzicho, mayina khumi ndi limodzi ali kuseri kwake, n'kukachiika pamwamba pa bokosi la Ada Chirwa.